Kodi ziwerengero za nkhanza za m'banja nzoona kapena amangopeka?

Funso lomwe ndalandira ndi ili, ndalifupikitsa pang'ono: "Ndili chaka chomaliza ku yunivesite ndipo ndikufuna kafukufuku wanga akhale wa nkhanza za m'banja. Koma ndasokonezeka, pena ndikuwerenga kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse anachitidwapo nkhanza, pena akuti akazi nawonso amamenya amuna mofanana, ndiye mnzanga wina akuti zonsezi amangopeka mabungwe kuti azipeza thandizo. Zoona zake nziti? Komanso ndifunse mosabisa, ine ndinakulira pakhomo poti bambo ankamenya mayi, kodi zoti mwana wotere nayenso amadzakhala wankhanza nzoona?"

Achimwene, zikomo kwambiri pofunsa, makamaka funso lomalizalo chifukwa ndikudziwa kuti silinali lophweka kulemba. Ndiliyankha bwinobwino mmunsimu, koma kuti musawerenge zonsezi mtima uli mmwamba ndikuuzirenitu kuti ayi, palibe chinalembedwa kuti mudzakhala ngati bambo anu, ndipo pa nkhani imeneyi kafukufuku ali kumbali yanu. Tiyambe kaye ndi mnzanu uja.

Mnzanuyo waona chinthu chenicheni koma wachimasulira molakwika. Nzoona ziwerengero zimasiyana, pena zimasiyana moti munthu ukhoza kukayikira ndithu, koma sikuti wina akupeka. Nkhanza za m'banja munthu amaulula pokhapokha akaona kuti apa palibe chindichitikire, ndiye nambala yomwe wofufuza amabwera nayo imatengera mmene anafunsira, anafunsira pati, anafunsa ndani, komanso pafupi panali ndani. Chitsanzo chomwe ine ndimakonda kupatsa ophunzira ndi cha ku Nicaragua. Mary Ellsberg ndi anzake anaika pamodzi zotsatira zitatu za m'dziko lomwelo za m'ma 1990. Ku León komwe ankafunsa za nkhanza zokhazokha anapeza kuti amayi 52 mwa 100 alionse anamenyedwapo ndi amuna awo, ku Managua anapeza 69, koma kafukufuku wamkulu wa dziko lonse wa DHS, uja amafunsa zambirimbiri za kulera, katemera wa ana ndi zina, nkhanza nkungokhala kagawo kamodzi, anapeza 28 basi. Atayang'ana ngati mwina amayiwo anali osiyana pa msinkhu, maphunziro kapena kapezedwe, anaona kuti zimenezo sizikufotokoza kusiyana konseko. Chomwe chinasiyana ndi maphunziro a ofunsa mafunso, nthawi yomwe anali nayo, komanso ngati mayiyo anali yekha pofunsidwa. Ndiye mukaona manambala awiri otere, kawirikawiri yaing'onoyo ndi yomwe yaperewera, sinanga kubisa kuli ndi zifukwa zambiri, manyazi, mantha, kuteteza bambo wa ana, pomwe kunamizira mwamuna wako kwa mlendo yemwe sakupatsa kalikonse palibe chomwe upindule.

Kafunsidwe kokha kamasintha zambiri. Mukafunsa munthu kuti "kodi munachitidwapo nkhanza?" ambiri amati ayi, ndipo sikuti akunama, kungoti m'mutu mwawo nkhanza ndi zija za kukhapidwa nkugonekedwa kuchipatala, osati mbama ya dzulo. Nchifukwa chake ofufuza odziwa ntchito satchula nkomwe mawu oti nkhanza, amafunsa chochitika chimodzichimodzi, kodi anakumenyanipo mbama, anakukankhanipo, anakumenyanipo chibakera kapena theche, anakukanyanganipo pakhosi, anakuopsezanipo ndi mpeni kapena mfuti, anakukakamizanipo kugonana inu musakufuna, ndipo zachitika kangati pa miyezi 12 yapitayi. Njira imeneyi inachokera kwa Murray Straus wa ku University of New Hampshire ku America, yemwe anasindikiza mndandanda wa mafunso wotchedwa Conflict Tactics Scale mu 1979. Dzina limeneli mukumana nalo paliponse mukamawerenga, ndipo ndibweranso kwa iye chifukwa mkangano wa amuna ndi akazi uja unayambira pomwepo.

Kafukufuku yemwe ine ndingati muyambe naye kuwerenga ndi wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, yemwe anatuluka mu 2005 motsogozedwa ndi Claudia García-Moreno. Anafunsa amayi oposa 24,000 m'madera 15 a mayiko 10, kuphatikizapo Tanzania, Namibia, Ethiopia, Peru, Brazil, Bangladesh, Thailand ndi Japan, mafunso omwewo, ofunsa ataphunzitsidwa mofanana. Omwe anamenyedwapo kapena kukakamizidwa kugonana ndi amuna awo anali 15 peresenti mumzinda wa ku Japan, koma 71 peresenti kumudzi ku Ethiopia. Taganizirani kusiyana kumeneko. Zikanakhala kuti nkhanza ndi chibadwa cha mwamuna bwezi nambala ili yofanana kulikonse, koma ikusiyana kuposa kanayi, kutanthauza kuti pali zinthu za m'dera zomwe zimaikweza kapena kuitsitsa, ndipo poti zimasintha ndiye kuti anthu akhoza kuzisintha. Chinanso chomwe chimandikhudza mpaka lero nchakuti kwa amayi ambiri wofunsa mafunso uja anali munthu woyamba kumuuza, m'madera ena mayi mmodzi mwa asanu, m'madera ena awiri mwa atatu anali asanauzepo aliyense, ndipo pakati pa 55 ndi 95 peresenti anali asanapiteko kupolisi, kuchipatala kapena ku bungwe lililonse kukapempha thandizo. Ndiye ngati mumaganiza zokangotenga manambala kupolisi nkunena kuti uku ndiye kukula kwa vuto, dziwani kuti amenewo akukuuzani za anthu omwe anakafika kupolisi basi.

Pofunsa za kugwiriridwa ali ana anachitanso kanthu kanzeru. Atafunsa pamaso ndi pamaso, kumapeto ankapereka kapepala kokhala ndi nkhope ziwiri, ina yomwetulira ina yolira, mayi nkuchonga payekha wofunsa osaona, ndipo pafupifupi m'madera onse omwe anaulula pa kapepala anachuluka kuposa omwe anaulula pakamwa. Amayi omwewo, tsiku lomwelo.

Nanga "mmodzi mwa atatu" uja anachokera kuti? Ndi wa WHO, lipoti la mu 2021 lomwe linasonkhanitsa zotsatira za m'mayiko oposa 150. Apa muzisamala polemba chifukwa ambiri amasokoneza. Omwe anamenyedwapo kapena kukakamizidwa kugonana ndi mwamuna wawo kapena chibwenzi ndi 27 peresenti ya amayi a zaka 15 mpaka 49 omwe anakhalapo pa ubwenzi kapena m'banja, ndipo 13 peresenti zinawachitikira pa miyezi 12 yomaliza asanafunsidwe. Mukaphatikiza ogwiriridwa ndi munthu wina yemwe si mwamuna wawo ndi pomwe zimafika cha pa 30 peresenti, amayi pafupifupi 736 miliyoni. Ndiye si kuti mmodzi mwa atatu akumenyedwa panopa, ndi kuti zinamuchitikirapo pa moyo wake, ndipo nambala imeneyi siwerengera kutukwana, kuopseza ndi kumana ndalama.

Tsopano tifike pa zoti akazi nawonso amamenya. Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu amakanganirana osamvana. Mu 1975 Straus, Richard Gelles ndi Suzanne Steinmetz anafunsa mabanja 2,143 ku America ndipo anapeza kuti pa chaka amuna pafupifupi 12 mwa 100 anachitapo kena kake kwa akazi awo, kukankha, mbama, kugenda ndi chinthu, ndipo akazi omwe anachitapo zomwezo kwa amuna awo analinso pafupifupi 12 mwa 100. Zimenezi zinabweretsa mkangano woopsa chifukwa anthu ogwira ntchito m'nyumba zothawirako amayi omenyedwa, zomwe zinali zitangoyamba kumene, ina yodziwika kwambiri inatsegulidwa ku Chiswick ku London mu 1971, ankati zomwe ife tikuona ndi maso athu si zimenezo, kuno kumabwera amayi othyoka mikono. Mu 2000 John Archer anaphatikiza zotsatira zoposa 80 nkupeza zofanana, kuti mukangowerenga zochitika akazi sachepa, koma mwa anthu omwe anavulala 62 peresenti anali akazi, komanso ambiri mwa ofunsidwawo anali achinyamata a m'makoleji a ku America, osati mabanja a dziko lonse lapansi.

Yemwe anathandiza kumasula mfundoyi ndi Michael Johnson wa ku Pennsylvania State University mu 1995. Iye anati mbali ziwirizi zonse zikunena zoona koma zikuyang'ana zinthu ziwiri zosiyana nkuzitchula dzina limodzi. Pali nkhanza zomwe zimabuka pa mkangano, anthu awiri akangana za ndalama kapena za ana, mkwiyo wakwera, wina wakankha mnzake, ndipo izi amachita amuna ndi akazi omwe, ndi zomwe zimachuluka mukamafunsa khomo ndi khomo. Ndiye pali mtundu wina womwe poyamba iye anautcha patriarchal terrorism, kenako intimate terrorism, pomwe kumenya ndi chida chimodzi chabe mwa zida zambiri zolamulira munthu, kumufufuza foni, kumuletsa kucheza ndi abale ake, kumuwerengera nthawi akatuluka, kumulanda ndalama zomwe wapeza yekha, kumuopseza kuti ndikulanda ana, mpaka munthu amakhala akuyenda monyang'ama m'nyumba mwake momwe. Mtundu uwu ochita ake ambiri ndi amuna, ndipo ndi womwe umadzaza zipatala, makhoti ndi nyumba zothawirako zija. Munthu yemwe ali m'banja lotere nthawi zambiri savomera nkomwe kuyankha mafunso a mlendo, ndiye mu kafukufuku wa khomo ndi khomo amasowa. Palinso mayi yemwe wabwezera podziteteza, pa fomu ya Straus yoyamba ija amaoneka chimodzimodzi ndi yemwe anayamba, mbama imodzi uku mbama imodzi uku, chifukwa fomuyo sinkafunsa kuti zinayamba bwanji ndipo ndani amagona ndi mantha.

Kwa ine funso la mantha limeneli ndiye mtima wa nkhani yonse. Mukangowerenga mbama mupeza nambala koma simudziwa chomwe chikuchitika m'nyumbamo. Evan Stark analemba kwambiri za kulamulira kotereku mu 2007, ndipo England ndi Wales anafika pokuika m'malamulo mu 2015 kuti ndi mlandu pakokha olo munthu asanamenye. Izi sizikutanthauza kuti amuna sazunzidwa, amazunzidwa, ena moopsa, ndipo amabisa kwambiri poopa kusekedwa, wofufuza wabwino sangawataye. Koma mukafika pa imfa, pomwe palibe zoti wina wabisa kapena wakokomeza, kusiyana kumaonekera poyera. Heidi Stöckl ndi anzake mu 2013 anapeza kuti mwa akazi onse ophedwa pafupifupi 38 peresenti amaphedwa ndi mwamuna wawo kapena chibwenzi, pomwe mwa amuna ophedwa ndi 6 peresenti. Ndipo nthambi za UN zoona za umbanda (UNODC) ndi za amayi (UN Women) zinawerengera kuti mu 2023 amayi ndi atsikana pafupifupi 51,100 anaphedwa ndi amuna awo kapena achibale, ndiye kuti 140 tsiku lililonse.

Pa imfa pomwepa pali zomwe ndimafuna aliyense adziwe olo si wofufuza. Jacquelyn Campbell wa ku Johns Hopkins mu 2003 anayerekeza amayi 220 omwe anaphedwa ndi amuna awo m'mizinda 11 ya ku America ndi amayi ena omwe ankazunzidwa koma ali moyo, kuti aone chosiyana nchiyani. Mwamuna akakhala ndi mfuti chiopsezo choti mayi aphedwe chinkakwera pafupifupi kasanu, ulova wa mwamuna unalinso chizindikiro chachikulu, ndipo mayi akachoka kwa mwamuna wolamulira kwambiri uja chiopsezo chinkakwera pafupifupi ka 9. Kenako mu 2008 Nancy Glass ndi gulu lomwelo anaonetsa kuti mayi yemwe anakanyangidwapo pakhosi chiopsezo chake chophedwa chimaposa ka 7. Ndiye funso lija anthu amakonda, loti bwanji sakungochoka, yankho lina nlakuti nthawi yochokayo ndi yomwe ili yoopsa kwambiri, ndipo amayi ambiri amadziwa zimenezi m'thupi mwawo asanawerenge pepala lililonse. Kuchoka kumafunika kukonzekera ndi anthu othandiza.

Tsopano za inu achimwene. Anthu amati make mbuu mwana mbuu, ndipo ofufuza nawonso kwa zaka zambiri ankangobwereza kuti wozunzidwa amadzazunza. Vuto linali kafufuzidwe. Ankapita kwa anthu omwe agwidwa kale akuzunza nkuwafunsa ubwana wawo, ambiri nkunena kuti nanenso ndinkamenyedwa, ndiye nkumati mwaona. Koma pamenepo mwafunsa okhawo omwe anabwereza, nanga aja anakulira m'mavuto omwewo nkukhala makolo abwino mwawafunsa kuti? Iwo sapezeka kundende kapena kukhoti. Cathy Spatz Widom anatembenuza njira, anatenga ana 908 omwe milandu yawo yozunzidwa kapena kusasamalidwa inatsimikizika kukhoti pakati pa 1967 ndi 1971, nkuwayerekeza ndi ana 667 ofanana nawo msinkhu ndi kapezedwe omwe analibe mbiri yotere, nkuwatsatira mpaka kukula. Zomwe anasindikiza mu 1989 zinaonetsa kuti omwe anamangidwapo pa mlandu wachiwawa anali 11 peresenti kwa ozunzidwa aja ndi 8 peresenti kwa enawo. Chiopsezo chinakweradi, koma onani mbali inayo, pafupifupi 9 mwa 10 analibe mlandu wotere. Inde kumangidwa sikugwira zonse zochitika m'nyumba, komabe Joan Kaufman ndi Edward Zigler atasanthula zotsatira zambiri mu 1987 anati omwe amabwereza kwa ana awo ndi pafupifupi 30 peresenti, kutanthauza kuti ochuluka, 7 mwa 10, sabwereza.

Sindikunamizani kuti palibe chilichonse. Kuona mayi ako akumenyedwa uli mwana ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimapezeka mobwerezabwereza m'mayiko osiyanasiyana kuti zimakweza mpata woti mnyamata adzamenye mkazi wake, komanso woti mtsikana adzakhale m'banja lankhanza. Mwana amaphunzira kuti mkangano umatha chonchi. Ndipo bala lake silimangoonekera pa kumenya kokha. Kafukufuku wa ACE, kutanthauza zowawa za ubwana, wa Vincent Felitti ndi Robert Anda ku San Diego, yemwe anafunsa akuluakulu oposa 17,000 ndipo zotsatira zoyamba zinatuluka mu 1998, anawerengera zowawa za ubwana, kumenyedwa, kugwiriridwa, kholo chidakwa, komanso kuona mayi akuchitidwa nkhanza. Omwe anakumana ndi mitundu inayi kapena kuposa mpata wawo wokhala chidakwa unali pafupifupi ka 7 ndipo woyesa kudzipha ka 12 poyerekeza ndi omwe sanakumane ndi chilichonse. Koma Anda yemweyo mu 2020 anachenjeza kuti nambala ya ACE ndi yoonera gulu la anthu, siingalosere moyo wa munthu mmodzi, ndiye musadziwerengere mapointi nkudziweruza.

Chomwe ndimafuna mugwire ndi ichi. Byron Egeland ndi anzake ku Minnesota mu 1988 anayang'ana amayi omwe anazunzidwa ali ana koma osazunza ana awo, kuti amasiyana pati ndi omwe anabwereza. Anapeza kuti ambiri anali ndi munthu wamkulu mmodzi yemwe ankawakonda ndi kuwamvetsera ali ana, kapena analandirapo uphungu kwa nthawi yaitali, kapena anapeza mnzawo wa m'banja wodekha wowathandiza. Pa zomwe ine ndaona pa ntchitoyi, munthu yemwe amatha kunena poyera kuti zomwe zinkachitika kwathu zinali zolakwika amakhala ataponda kale pabwino kusiyana ndi yemwe amati bambo ankangolanga. Inu mwatchula nokha, mwafunsa nokha. Mukadzaona kuti mkwiyo ukumakufikani mwachangu, kapena mtima wofuna kudziwa komwe mnzanu ali ola lililonse, kapena mowa ukumakusinthani, musadikire, kaonaneni ndi mlangizi, zimathandiza ndithu.

Pa zomwe zimachepetsa nkhanza ndidutsa mwachangu koma pali phunziro limodzi lomwe wofufuza aliyense ayenera kulidziwa. Ku Minneapolis mu 1981 ndi 1982 Lawrence Sherman ndi Richard Berk anayesa ndi apolisi njira zitatu, kumanga, kulangiza, kapena kuchotsa mwamuna panyumba kwa maola angapo, nkupeza kuti omangidwa ankabwereza mochepa. Zitatuluka mu 1984 madera ambiri ku America anathamangira kukhazikitsa lamulo loti wapolisi azimanga basi. Atabwereza kuyesako m'mizinda ina monga Omaha, Charlotte ndi Milwaukee zotsatira zinasakanikira, ku Milwaukee kumanga kunkaopsa amuna omwe ali pa ntchito koma kwa malova nkhanza zinkawonjezeka. Sindikunena kuti wolakwa asamangidwe ayi, mlandu ndi mlandu, ndikunena kuti kafukufuku mmodzi wa mumzinda umodzi sakwanira kumangirapo lamulo la dziko.

Nkhani yolimbikitsa njakuti zambiri zodalirika za kupewa nkhanza zachokera ku Africa. Ku Limpopo ku South Africa pulogalamu ya IMAGE inaphatikiza ngongole zing'onozing'ono za amayi ndi maphunziro a za ubale wa amuna ndi akazi, ndipo mu 2006 anapeza kuti nkhanza zinatsika ndi 55 peresenti pa zaka ziwiri. Ku Kampala SASA! ya bungwe la Raising Voices inagwiritsa ntchito anthu a m'dera momwemo kukambirana za mphamvu, ndani ali nazo ndipo akuzigwiritsa ntchito bwanji, mu 2014 kumenyedwa kunapezeka kotsika ndi pafupifupi theka, ngakhale madera anali 8 okha ndiye nambalayo muziitchula mosamala. Ku Rwanda Bandebereho inasonkhanitsa abambo a ana aang'ono ndi akazi awo, ndipo patapita miyezi 21 amayi omwe ananena kuti amenyedwa anali 33 peresenti poyerekeza ndi 57 kwa omwe sanalowe nawo. Onani kuti onsewa anali ndi gulu loyerekezera, popanda limenelo simungadziwe ngati kusinthako kwabwera ndi pulogalamu.

Ndisaiwale, banja si mwamuna ndi mkazi okha. Za ana madokotala anayamba kuzitenga mozama Henry Kempe atalemba mu 1962 za ana obwera kuchipatala ndi mafupa othyoka omwe makolo ankati wagwa. Za kukwapula ana polanga, Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor mu 2016 anaphatikiza zotsatira za ana oposa 160,000 ndipo sanapeze phindu lililonse pa khalidwe, anapeza kuti kumayenderana ndi ndewu komanso mavuto a maganizo. Okalamba ndiye aiwalika kwambiri, chonsecho kuwerengera kwa mu 2017 kunaonetsa kuti mmodzi mwa 6 alionse a zaka 60 kupita mtsogolo anachitidwa nkhanza m'chaka chimodzi, ndipo zambiri mwa zotsatirazo zinachokera ku mayiko olemera. Ngati mukufuna mutu womwe anthu sanaupondeponde, ndi umenewo.

Ndiye za kafukufuku wanu, chonde musatenge fomu nkuyamba kugogoda m'makomo. Funso lokha likhoza kumenyetsa munthu madzulo ake. WHO inatulutsa malangizo otchedwa Putting Women First mu 2001, muwawerenge musanalembe funso ndi limodzi lomwe. Mwachidule, kafukufuku satchulidwa kuti ndi wa nkhanza pakhomo kapena m'dera, amatchulidwa kuti ndi wa umoyo wa amayi, yekhayo wofunsidwa ndi yemwe amauzidwa zenizeni ali payekha nkuvomera kapena kukana. Pakhomo pamodzi amafunsa mayi mmodzi basi, ndipo safunsa mwamuna wa pakhomo lomwelo za nkhanza, apo ayi adziwa zomwe mkazi wake wafunsidwa. Pasakhale wina womvera, olo mwana woti amayankhula. Wofunsa amakhala ndi mafunso ena apambali oti wina akalowa asinthire pomwepo. Ine zinandichitikirapo, tili mkati mwamuna anangotulukira nkukhala pakhomo, ndinatembenuza tsamba nkuyamba kufunsa za katemera wa mwana mpaka anatopa nkuchoka, mayi uja manja akunjenjemera, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindilola wophunzira wanga kupita kukafunsa asanayeserere kusintha kumeneku mpaka kuzolowera. Mukhalenso ndi mndandanda wa malo othandiza omwe mwawatsimikizira nokha kuti akugwira ntchito, wolembedwa pa kapepala kakang'ono kosaonetsa kuti nkachiyani, ndipo mayina asalembedwe pa fomu. Zonsezi zidutse ku komiti ya ethics ya pasukulu panu kaye, ija yoonetsetsa kuti kafukufuku sakuika anthu pa ngozi.

Poti ndinu bambo, amayi sangamasuke nanu pa mafunso awa, pamafunika ofunsa achizimayi ophunzitsidwa bwino, ndipo pa digiri yoyamba nthawi ndi ndalama zake mwina simungazipeze. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha chimodzi mwa ziwiri. Mukhoza kupempha data ya DHS yomwe inasonkhanitsidwa kale, mayiko ambiri ali ndi gawo la nkhanza za m'banja lomwe lili ndi mafunso a kulamulira aja, a nsanje, a kuletsa kucheza ndi abale, ngakhalenso funso loti kodi mumaopa amuna anu ndi loti kodi bambo anu ankamenya mayi anu, ndiye mukhoza kuyesa maganizo a Johnson ndi manambala enieni osaika munthu pa ngozi, bola muzikumbukira phunziro la ku Nicaragua kuti nambalazo mwina nzoperewera. Apo ayi fufuzani amuna anzanu. Kafukufuku wa UN wa mu 2013 anafunsa amuna oposa 10,000 m'mayiko 6 a ku Asia ndi Pacific, mafunso ovuta kwambiri ankayankha okha pa kachipangizo ka m'manja wofunsa osaona, ndipo amuna ambiri anaulula zomwe anachita. Amuna amayankhula akafunsidwa ndi mwamuna mnzawo mosawaweruza, ndipo funso loti amuna omwe anakulira m'nyumba zankhanza koma osamenya anatha bwanji silinafufuzidwe mokwanira.

Chomaliza ndi inu mwini. Nkhani zomwe mukamve kapena kuwerenga zikakukumbutsani za mayi anu, pena usiku tulo osabwera, izi zimachitikira ngakhale ofufuza omwe sanakulire m'zimenezi. Muwauze a supavaiza anu mmene mungathere, mupeze munthu mmodzi woti muzikhuthula naye sabata iliyonse, ndipo tsiku lomwe zakulemerani mutseke kompyuta. Mukalemba funso lanu la kafukufuku mu chiganizo chimodzi munditumizire, tione limodzi ngati data yomwe ilipo ingaliyankhe.